Cisanu cafika: bzalani ndiwo m'thumba ndi m'ndowa

Nyengo yacisanu yafikanso. M'mawa madzi a mumgomo akuluma zala, ana akupita kusukulu manja ali m'khwapa, ndipo maungu ndi cibwabwa ca m'minda ya mainza zatsala pang'ono kutha. Ambiri a ife okhala m'makomboni timayesa kuti nyengo ino si yolima, ndipo kuti munthu wopanda dimba kudambo angodikira mvula ya mu Novembala. Ganizo langa pa tsamba lino lero ndi lakuti banja lililonse la m'komboni, kaya nyumba ndi yao kaya ndi ya lendi, liyenera kukhala ndi matumba kapena ndowa zingapo za ndiwo zamasamba pafupi ndi khomo, ndipo nthawi yabwino yoyambira ndi ino yacisanu.

Ena adzafunsa kuti nkhani ya ulimi ikufuna ciani pa tsamba la zaumoyo. Yankho lili m'kaundula wa kusikelo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo m'mabanja wa caka ca 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira, ndiye kuti msinkhu wao unali wocepa poyerekeza ndi zaka zao. Anapezanso kuti ana 58 mwa 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 anali ocepa magazi, ndi azimai 31 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 cimodzimodzi. Zifukwa zake n'zambiri: malungo, njoka za m'mimba, kutsegula m'mimba kawirikawiri, kubereka pafupipafupi. Koma cimodzi mwa zifukwa zazikulu cili m'mbale. Mwana wodya nsima ndi msuzi wa mcere, kapena phala loyera la shuga tsiku ndi tsiku, amakhuta mimba koma thupi lake lili ndi njala.

ZIMENE MASAMBA AMACITA M'THUPI

Masamba obiriwira kwambiri monga repu, mpiru, sipinachi, bondwe ndi cibwabwa ali ndi cinthu cimene thupi limasandutsa vitamini A. Vitamini ameneyu amateteza maso, ndipo mwana amene akusowa vitamini A amayamba kusaona bwino kukada. Amalimbitsanso khungu la m'kati mwa mapapo ndi matumbo, n'cifukwa cake cikuku ndi kutsegula m'mimba zimagwetsa msanga mwana amene alibe vitamini A wokwanira. Boma linaona bvutoli kalekale. Kuyambira mu 1998 shuga wogulitsidwa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, ndipo pa Sabata ya Umoyo wa Ana, kawiri pacaka, ana amalandira kapisozi wa vitamini A ndi mankhwala a njoka. Zonsezi n'zabwino ndipo tizipita nao ana. Koma kapisozi amabwera kawiri pacaka pamene mwana amadya tsiku lililonse, ndipo palibe wa zaumoyo amene angakulangizeni kuti muonjezere shuga m'nyumba pofuna vitamini.

M'masamba mulinso ayironi ndi foliki asidi, zimene thupi limagwiritsa nchito popanga magazi, ndiponso vitamini C amene amathandiza matumbo kuyamwa ayironiyo. Muli potaziyamu amene amathandiza kuti BP isakwere, ndi zokhakhala zimene zimafewetsa cimbudzi. Odwala ambiri obwera kucipatala ndi kudzimbidwa kapena mudzi wotuluka magazi, ukawafunsa zimene adya sabata yonse, umapeza kuti ndi buledi, tiyi, nsima ya bulekifasiti ndi soseji kapena soya. Kwa odwala shuga, mbale yodzala theka ndi masamba imathandiza kucepetsa mitanda ya nsima popanda kucoka pamphasa ndi njala.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osacepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba patsiku, osawerengerapo mbatata ndi cinangwa. Tayang'anani kamtolo ka repu kamene mumagula pakantemba, kamene anthu 6 amagawana madzulo. Kakaphikidwa kamakwana m'dzanja limodzi. Mabanja ambiri a m'tauni ali kutali ndi muyeso umenewu, makamaka pakati pa mwezi pamene malipiro atha.

CIFUKWA NINJI M'CISANU?

Cisanu ca kwathu kuno n'cofatsa. M'maiko ena a ku Ulaya nthaka imauma gwa ndi madzi oundana ndipo palibe comera. Kuno ku Chipata, Katete, Petauke ngakhale ku Lusaka, usiku wa mu Juni ndi Julai umazizira koma masana dzuwa limawala bwino, mitambo ili yocepa. Cisanu coocha mbeu cimagwa makamaka m'madambo otsika usiku wopanda mphepo, ndipo pafupi ndi cipupa ca nyumba sicifika kawirikawiri cifukwa njerwa zimasunga kutentha kwa masana.

Nyengo yotere ndi imene repu, caina, mpiru, sipinachi, kabichi, anyezi, karoti ndi nsawawa zimakonda. Mbeu zimenezi zinacokera kumaiko ozizira. M'dzinja masamba ake amaola ndi cinyontho ndipo mbozi zimacuruka, ndipo mu Okutobala zimafota ndi kuthamangira kucita maluwa. M'cisanu zimakula mwakacetecete, masamba ake ali onenepa. Dothi silimauma msanga, motero madzi othirira amacepa. Matimati naonso sadwala cinoni ca masamba monga m'mvula, ngakhale kuti amacedwa kupsa. Munthu amene sanalimepo ndiwo ayambe nyengo ino cifukwa zomugwetsa mphwai n'zocepa.

Ndiwo zathu zamakolo monga bondwe, thelele, cibwabwa ndi impwa zimakonda kutentha. Mukazibzala mu Juni zimangoti njo osakula, ndipo mudzaganiza kuti dzanja lanu ndi loipa. Zisungireni kumapeto kwa Ogasiti, pamene repu wayamba kukalamba, ndipo zidzalowa m'matumba omwewo.

BWANJI OSANGOLIMA PANSI?

Amene ali ndi malo ndi dothi labwino alime pansi, palibe coletsa. Koma tiyeni tinene zoona za makomboni athu monga Kapata, Mchini, Nabvutika ndi Magazine. Poloti imodzi imakhala ndi mabanja atatu kapena anai. Bwalo ndi louma ngati simenti cifukwa ca kusesa, pakona pali cimbudzi, pakona ina dzenje la zinyalala. Wokhala pa lendi sadziwa ngati adzakhalapobe miyezi itatu ikudzayi. Ndowa ndi beseni mungazinyamule pa wilibala tsiku losamuka. Mumathira madzi pamizu penipeni, osataya m'bwalo lonse. Mungazikweze pa njerwa kapena pa thandala kuti nkhuku, abakha ndi madzi oipa oyenda pansi asazifike.

Cina cacikulu n'cakuti dothi mumasankha nokha. Anzathu a ku Kabwe akudziwa kuopsa kwa dothi loipa. Mgodi wa mtobvu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likali m'nthaka ya makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo mtobvu ukalowa m'magazi a mwana umaononga ubongo osabwereranso. Kuno kum'mawa tilibe mgodi wotero, koma dothi la pamalo pamene anthu amaphwanyira mabatire a galimoto, pamene amatayira oilo wakuda, kapena pamtaya pamene amaochera mapulasitiki ndi mabatire a wailesi, lisalowe m'thumba la ndiwo za ana anu.

KAPANGIDWE KAKE

Ziwiya zake muli nazo kale. Thumba la makilogalamu 25 la unga, thumba la makilogalamu 50 la cimanga, ndowa yong'ambika, beseni lobooka, cigubu ca malita 20 ca saladi codulidwa pamwamba, zonsezi ndi dimba. Cigubu cimene munali mankhwala ophera tizilombo, penti, oilo kapena asidi wa batire musacigwiritse nchito ngakhale mutacitsuka motani. Thumba la feteleza litsukeni bwino. Ciwiya ca masamba cikhale cakuya masentimita 20 kapena kuposa, pafupifupi kutalika kwa cikhato cotambasula. Matimati amafuna masentimita 30, ndipo ndowa ya malita 20 imakwana mtengo umodzi wokha. Boolani pansi pa ciwiya ciliconse mabowo 5 kapena 6 ndi msomali wotentha kuti madzi azituluka. Mizu ikakhala m'madzi imaola.

Dothi lisakanizeni motere: ndowa 2 za dothi lakuda lapamwamba, ndowa imodzi ya manyowa oolerana bwino, ndipo ngati dothi ndi lamakande onjezerani theka la ndowa ya mcenga wa kumtsinje. Manyowa a ng'ombe, a mbuzi kapena a nkhuku onse ndi abwino malinga akhale ataola miyezi iwiri kapena itatu, mpaka fungo litatha ndipo akuoneka ngati dothi. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimaocha mizu, komanso zimakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba. Zonyansa za anthu, za agalu ndi za amphaka zisayandikire n'komwe.

Thumba lalikulu lili ndi nzeru yake. Liimikeni pamalo pamene lidzakhale, cifukwa likadzala silinyamulika. Tengani citini cacikulu cocotsedwa pamwamba ndi pansi, ciikeni pakati pa thumba, mudzaze timiyala m'kati mwake ndi dothi m'mbali mwake. Kokerani citini m'mwamba, mudzazenso, mpaka thumba lidzale. Pakati pa thumba padzakhala mzati wa miyala, ndipo madzi amene mudzathira pamwamba pake adzatsika ndi kufalikira mpaka pansi. Kenaka ng'ambani timabowo m'mbali mwa thumba ndi mpeni, totalikirana cikhato cimodzi, mizere yake yosayang'anizana. Thumba la makilogalamu 50 lingatenge mbande 20, zina pamwamba zina m'mbali, pamalo amene pansi pakanakwana mbande 3 kapena 4.

Mbeu fesani kaye m'beseni, m'timizere tosazama, muphimbe ndi kadothi ndi udzu wouma pang'ono. Repu amamera pakapita masiku 5 mpaka 7, ndipo akangomera cotsani udzu. Pakatha masabata atatu kapena anai, mbande zikakhala ndi masamba 4, ziokereni madzulo dzuwa litapepa, mutathirira thumba dzulo lake. Ngati nazale ikukubvutani, alimi a m'madimba amagulitsa mbande kumsika. Kapaketi kamodzi ka mbeu kali ndi njere zambiri zoti n'kugawana mabanja atatu.

M'miyezi ino dzuwa limadzera cakumpoto, ndipo mthunzi wa nyumba umagwera kum'mwera. Conco ikani matumba anu kumpoto kwa nyumba, pamene adzaona dzuwa maola 5 kapena 6 patsiku. Kumeneko adzabisalanso ku mphepo yozizira ya kum'mwera cakum'mawa imene imaomba mu Julai ndi Ogasiti. Thirirani m'mawa. Musanathire, lowetsani cala m'dothi: likakhala lonyowa mpaka pamfundo yaciwiri, dikirani mawa. Pamwamba pa dothi yalani udzu wouma kapena makoko a nshawa kuti cinyontho cisathawe.

Pakatha masabata atatu kapena anai ciokereni, yambani kuthyola. Tengani masamba a m'munsi, awiri pa mtengo uliwonse, kusiya mtima ndi masamba ang'ono kuti apitirize kukula. Wofesa pakati pa Mei amadya kuciyambi kwa Julai, ndipo angapitirize kuthyola miyezi iwiri kapena itatu. Popeza dothi la m'thumba n'locepa, cakudya cake cimatha. Masabata awiri alionse thirani madzi amene mwabviikamo manyowa oola, kuwathira padothi osati pamasamba, kapena onjezerani manja awiri a manyowa pamwamba.

ZIMENE OTSUTSA AMANENA

Coyamba amati madzi ndi odula. N'zoona, ndipo amene amatunga pakiyosiki kapena kuima pamzere wa pompi m'bandakuca sitingamuuze kuti madzi ndi aulere. Caka ca 2024 cinatiphunzitsa zambiri. Mvula itakana, Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, madzi anatsika ku Kariba, magetsi anayamba kuzima maola ambiri, ndipo magetsi akazima mapampu a madzi naonso amaima. Koma tiwerenge bwino. M'cisanu thumba lalikulu lophimbidwa ndi udzu limafuna malita 3 mpaka 5 patsiku. Matumba atatu samaliza cigubu cimodzi ca malita 20. Ndipo ambiri mwa madziwa timawataya kale pabwalo: otsukira mpunga, otsukira ndiwo, otsukuluzira mbale ndi zobvala komaliza. Madzi ocapira matewera, madzi a Jik, madzi a thobvu lambiri la sopo waufa ndi madzi a mafuta ndi mcere asathiridwe pambeu. Madzi ogwiritsidwa kale nchito athireni tsiku lomwelo, pakuti akagona amanunkha ndi kuswa tizilombo.

Caciwiri amati m'cisanu repu ndi wochipa kumsika, nanga kubvutikiranji? Mfundo imeneyi ili ndi nzeru, pakuti ino ndi nthawi imene madimba akukolola. Koma kuchipa kuli ndi phindu kwa amene ali ndi ndalama m'thumba tsiku limenelo. Tinene kuti banja limagula masamba a K5 patsiku. Pamwezi ndi K150. Matumba atatu a mbande 20 ali ndi mitengo 60, ndipo masamba awiri pa mtengo pasabata ndi masamba 120, okwana kuphika katatu kapena kanai. Theka la ndalama ija latsala m'nyumba, ndipo lingagule mazira, kapenta kapena nshawa za mwana. Sindikunena kuti matumba adzatseka msika, ndipo amai ogulitsa ndiwo asade nkhawa. Ndikunena kuti pa 20 mwezi, pamene m'nyumba mwatsala kapamela ka unga basi, pakhale coti n'kuthyola pakhomo. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Palinso za ukhondo. Ndiwo za pakhomo mumadziwa madzi amene zamwa ndi mankhwala amene sizinapoperedwe. Alimi ambiri ndi osamala, koma alipo ena amene amathirira ndi madzi a m'mifolo yolandira zonyansa za m'tauni, ndi ena amene amapopera lero n'kuthyola mawa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, bwalo la masewera la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu 2024. Kolera amayenda m'madzi ndi m'zakudya zodetsedwa ndi cimbudzi. Kuphika bwino kumapha tizilombo take, koma matimati ndi anyezi nthawi zina timadya zaziwisi. Kaya ndiwo ndi zogula kaya ndi za m'thumba lanu, zitsukeni ndi madzi abwino musanazidule, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukagwira manyowa.

Cacitatu amati mbeu pakhomo zimabweretsa udzudzu. Kale makhonsolo a m'mizinda monga Lusaka ankatuma anthu kukasenga cimanga m'makomboni pa cifukwa cimeneci. Koma udzudzu umaikira mazira m'madzi oima, ndipo pamasamba a repu suswana. Thumba lobooledwa bwino silisunga madzi. Coopsa ndi kambale koikidwa pansi pa ndowa, thayala losabooledwa, ndi mgomo wa madzi othirira wosabvundikira. Udzudzu umafuna sabata imodzi kapena awiri kucoka padzira kufika pouluka, motero kutaya madzi otsalira masiku angapo alionse kumadula mzere wake. Mgomo ubvundikireni pa cifukwa cinanso. Mwana wongoyamba kuyenda akasuzumira m'ndowa amagwa camutu ndipo sangathe kudzitulutsa. Madzi ocepa kwambiri amamiza mwana mwakacetecete, mai ali m'nyumba.

Cacinai amati akuba ndi nkhuku za aneba adzamaliza. Nkhuku zichingeni ndi mpanda wa bango, wa matumba akale kapena wa minga. Neti ya udzudzu imene munalandira kukiliniki ndi ya pabedi pa ana, isapite kudimba. Za akuba, mankhwala ake ndi akuti pakhomo ponse pakhale matumba. Pamene mabanja onse a papoloti agawana mbande ndipo aliyense ali ndi lake, maso olonda amacuruka. Mutu umodzi susenza denga.

Cacisanu sacinena mokweza, koma cilipo: akuti masamba ndi ndiwo za amphawi, ndipo bambo wa panchito aoneke ndi kapulasitiki ka nyama. Abambo anzanga, kuwodi ya odwala sitiroko, shuga ndi mtima kumagona anthu a malipiro abwino ambiri ndithu. Nyama njabwino ndipo ana amaifuna, koma iyende pamodzi ndi masamba. Ndipo nchito yonyamula dothi ndi manyowa isagwere amai okha amene atunga kale madzi, kuphika ndi kucapa.

TIZILOMBO NDI MANKHWALA

Mdani wamkulu wa repu m'cisanu ndi nsabwe zotuwa zimene zimaunjikana kunsi kwa masamba ndi pamtima, makamaka kukayamba kufunda mu Ogasiti. Palinso timbozi tobiriwira toboola masamba. Pa mitengo 60 simufunika mankhwala a m'botolo. Tembenuzani masamba kawiri pasabata, nsabwe muzifikise ndi zala, mbozi muzitole. Zikacuruka, sungunulani kacidutswa ka sopo wamtanda m'madzi, muwaze kunsi kwa masamba madzulo, m'mawa mutsukuluze ndi madzi. Pa matimati, kuyambira mu 2016 m'dziko muno muli kambozi kochedwa Tuta absoluta kamene kamayenda m'kati mwa tsamba ndi kuboola zipatso. Masamba ogwidwa athyoleni msanga ndi kuwaocha.

Ndikunenetsa za mankhwala cifukwa ife a m'zipatala ndife timalandira zotsatira zake. Mankhwala ophera tizilombo ogulidwa mopimitsa m'botolo la zakumwa, opanda cizindikiro, akaikidwa kunsi kwa bedi, mwana amayesa ndi cakumwa. Amafika kucipatala akutuluka thobvu ndi malobvu, thukuta lili noninoni, timaso tatseka ngati nsonga ya singano, akubanika. Zikacitika, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka kapena saladi. Mubvuleni zobvala zimene zathirikira mankhwala, mumsambitse khungu ndi sopo, ndipo thamangani naye kucipatala mutanyamula botololo. M'nyumba ya zipinda ziwiri mokhala ana mulibe malo obisika okwanira kusungamo poizoni.

KUMPHIKA

Zabwino za masamba zingathere mumphika. Soda amafewetsa ndiwo msanga ndi kusunga makala, koma amaononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Masamba anthete ongothyola kumene safuna soda. Atsukeni musanadule, muphike ndi madzi ocepa kwa mphindi zowerengeka, mphika uli wobvundikira, ndipo msuzi wake musataye. Thiranimo kasaladi pang'ono kapena nsinjiro, cifukwa vitamini A amalowa m'thupi pamodzi ndi mafuta. Ndiwo zotendera za agogo athu zinali ndi nzeru imeneyi. Matimati kapena madontho a ndimu amathandiza ayironi kulowa m'magazi, pamene tiyi womwera pacakudya amamutsekereza, conco tiyi adikire ola limodzi kapena awiri. Mcere ucepe: muyeso wa WHO ndi wosafika magalamu 5 patsiku kwa munthu wamkulu, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse.

Mwana akakwana miyezi 6 ndi kuyamba phala, mupatseni masamba enieniwo, ophikidwa ndi kusinjidwa kapena kupotedwa, supuni imodzi kapena ziwiri m'phala la nsinjiro, uku akuyamwabe. Msuzi wokha ndi madzi a mcere. Masamba akacuruka, afutseni: awiritseni pang'ono, muyanike pamthunzi podutsa mphepo, pamalo osafika nchenche ndi fumbi. Dzuwa lamphamvu limacepetsa vitamini A. Mfutso umenewu udzakuthandizani mu Okutobala ndiwo zikadula.

Ndicenjezenso kuti masamba ndi cakudya, salowa m'malo mwa mankhwala. Mai wapakati apitirize kumwa mapiritsi a magazi a kusikelo, cifukwa ayironi wa m'masamba yekha sakwanira pamimba. Mwana wotuwa m'manja ndi m'maso, wotupa mapazi kapena amene mzere wa pakadi lake ukutsika, abwere kukiliniki lero. Akumwa ma ARV, mankhwala a TB, a BP kapena a shuga asasiye ngakhale tsiku limodzi. Amene ali ndi matenda a impso, ndi amene akumwa warfarin wocepetsa kuundana kwa magazi, ayambe afunsa kucipatala asanasinthe kadyedwe ka masamba.

PEMPHO KWA ENA

Mabanja sangacite okha zonse. Eni nyumba alole alendi ao kuika matumba m'mbali mwa cipupa. Thumba lokwezedwa pa njerwa ndi kutalikitsidwa pang'ono silinyowetsa nyumba. Makomiti a zaumoyo a m'makomboni ndi magulu a azimai a m'machalichi afese nazale imodzi yaikulu ndi kugawa mbande, kuyambira mabanja a ana otsika sikelo, a okalamba olera ana amasiye ndi a odwala nthawi yaitali. Pakhomo pa kiliniki iliyonse pakhale matumba awiri kapena atatu oonetsera, kuti mai amene tikumuuza kuti mwana adye masamba aone ndi maso mmene angawapezere. Alangizi a zamalimidwe asathere kumidzi kokha, pakuti m'tauni mulinso alimi. Makhonsolo aganizire za masamba ndi makoko amene amaunjikana m'misika tsiku ndi tsiku: atawaika padera n'kuolerana, angakhale manyowa a komboni yonse. Masukulu naonso aphunzitse ana, popeza mwana amene wathirira repu wake sakana kumudya.

Inu owerenga, musadikire zonsezi. Sabata ino thumba la unga likatha musalitaye. Funani dothi labwino ndi manyowa oola, gawanani kapaketi ka mbeu ndi aneba, ndipo fesani m'beseni lakale. Yambani ndi thumba limodzi kapena ndowa ziwiri, muone mmene madzi ndi nthawi yanu zikuyendera, kenaka muonjezere. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Wofesa Juni asanathe adzathyola mu Ogasiti, mphepo ya fumbi isanaleke.